Kamera yoyambira kapena yapakati: mpamba wanu muuike pati?

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira anthu akakolola mpaka mvula yoyamba, funso limodzi limabwerabwera kwa ife: ndapeza kampamba, ndikufuna kuyamba geni yojambula zithunzi, ndigule kamera iti? Ena mwa ofunsawo ndi mavenda a zovala, nsapato ndi mawigi amene atopa ndi zithunzi zosawala zomwe amaika pa WhatsApp ndi Facebook. Akafika m'sitolo, kapena akatuma m'bale wa ku Johannesburg, amapeza makamera awiri ooneka ngati mapasa, onse akuda, onse olembedwa Canon kapena Nikon, koma mtengo wa inayo ndi kawiri kapena katatu. Wogulitsa amangoti iyi ndi ya akatswiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Makamera oyambira amene amapezeka kwambiri kuno ndi monga Canon 2000D, Canon 4000D ndi Nikon D3500, onse a m'chaka cha 2018. Apakati, omwe amapangira munthu wozolowera kale, ndi monga Nikon D7200 ya 2015, Canon 80D ya 2016 ndi Nikon D7500 ya 2017.

Choyamba musanamizidwe ndi ma megapixel. Canon 2000D ili ndi 24, Canon 80D ilinso ndi 24. Nikon D3500 ili ndi 24 pomwe D7500, yomwe ndi yodula, ili ndi 21 yokha. Sensa, kagalasi kam'kati kolandira kuwala, ndi ka msinkhu umodzi m'magulu onse awiri. Ndiye mukaimika munthu panja dzuwa likuwala, mukajambula ndi lenzi imodzimodzi, kasitomala sangathe kuloza kuti chithunzi ichi chachokera ku yotchipa, ichi ku yodula. Chikadutsa pa WhatsApp, yomwe imafinya zithunzi, ndiye basi kusiyanako kwafera m'njira.

Nanga ndalama yoonjezerayo imagula chiyani? Imagula mwayi woti musaphonye chithunzi pamene zinthu zavuta.

Taganizani za perekaniperekani. Holo ndi yamdima, anthu akuvina, apongozi akubwera ndi ndalama m'manja, ana akudutsa kutsogolo kwanu. Kamera iyenera kugwira nkhope yoyenera msanga. Canon 2000D ili ndi timadontho 9 togwirira fokasi, D3500 ili ndi 11. Canon 80D ili ndi 45, ndipo D7200 ndi D7500 ali ndi 51. Pa sekondi imodzi 2000D imajambula zithunzi zitatu, 80D zisanu ndi ziwiri, D7500 zisanu ndi zitatu. Pamene mkwati akuveka mkwatibwi mphete simungakweze dzanja n'kupempha abusa kuti abwereze. Mukaphonya mwaphonya, ndipo banjalo lidzauza aliyense wofuna wojambula kuti kumeneko musapiteko.

Palinso thupi la kamerayo. Apakati amawatseka bwino m'mphepete mwa mabatani ndi zitseko kuti fumbi ndi kamvula kowaza zisalowe msanga. Sikuti mungaimize m'madzi ayi, koma amene anajambulapo chinkhoswe kumudzi mu Okutobala, magalimoto akutibula fumbi, akudziwa chomwe tikunena. Amakhalanso ndi timawilo tiwiri tosinthira kuwala diso lili pa kamera, pomwe yoyambira ili ndi kamodzi ndipo zina mumakazisaka mu menyu. Nikon imati shata ya D7200 inayesedwa kufika pa zithunzi 150,000, ya D3500 pa 100,000.

Chinthu chimodzi chomwe ine ndimachiwerengera kwambiri, ngakhale ogulitsa sachitchula, ndi malo a memory card. Nikon D7200 ili ndi malo awiri, ndipo mutha kuiuza kuti chithunzi chilichonse chizilembedwa pa makadi onse awiri. Khadi imodzi ikafa, ntchito ili pa inayo. Amene anaimapo pamaso pa banja n'kunena kuti zithunzi zonse za ukwati zatayika sangafunse chifukwa chake izi n'zofunika. Koma chenjerani, si yapakati iliyonse ili ndi malo awiri. D7500 ndi 80D ali ndi amodzi okha. Tsegulani kachitseko muone nokha.

Kwa a vidiyo nkhani ndi yachidule. 2000D ndi D3500 alibe pobayira maikolofoni, choncho mawu a ankhoswe adzasakanikirana ndi mphepo ndi phokoso la ana. 80D ndi D7500 ali napo, ndi pomvera ndi mahedifoni pomwe. Dziwaninso kuti makamera onsewa amaimitsa okha vidiyo isanapitirire mphindi 30, ndiye pa ulaliki wautali chala chikhale pafupi.

Pa batire yotchipa imodzi imaposa zodula. D3500 imafika zithunzi pafupifupi 1,550 pa kutchaja kamodzi, pomwe 80D ndi D7500 amathera pakati pa 950 ndi 960, ndipo 2000D pa 500. Kwa munthu wojambula kumidzi, kapena kumene magetsi amabwera mwa apo ndi apo, zimenezi si zazing'ono.

Tsopano inuyo mugule iti? Funsani kaye ngati zomwe mudzajambule zimayenda kapena zimaima. Nsapato, zitenje, makeke, mipando, zithunzi za ziphaso, ana a sukulu oima pamzere, mabanja otuluka m'tchalitchi: zonsezi zimadikira. Chithunzi chikaipa mumabwereza. Apa kugula yapakati n'kukwirira mpamba. Ndinene mosabisa kuti wogulitsa kaunjika amene akufuna zithunzi za pa WhatsApp zokha, foni yabwino, nsalu yoyera kumbuyo ndi kuwala kwa pakhonde m'mawa zimukwanira, ndalama ya kamerayo akaodere belo lina. Koma ngati mwatsimikiza za maukwati, mpira, magule kapena misonkhano, ndipo maoda muli nawo kale, yapakati idzabweza ndalama yake.

Mawu akuti kale ndawatchula dala. Ambiri amagula kamera yodula poyembekeza makasitomala amene sanawaone. Werengani chonchi: tengani kusiyana kwa mitengo iwiriyo mugawe ndi phindu lomwe mumatsala nalo pa ntchito imodzi mutachotsa thiransipoti, kutsukitsa zithunzi, alubamu ndi womuthandiza. Tiyerekeze kuti kusiyanako ndi K600,000 ndipo ntchito imodzi imakusiyirani K40,000. Ndiye kuti ntchito 15 mukugwirira kamera basi. Ngati mumapeza ntchito zitatu pa mwezi, ndi miyezi isanu, palibe vuto. Ngati ndi imodzi pa mwezi, chaka chidzatha ngongole ikadalipo, ndipo kumbukirani kuti Januwale ndi Febuluwale maukwati amasowa. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikani anuanu. Mitengo ya makamera imatsata dola ndi randi, ndipo chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo womwe mnzanu anagulira chaka chatha sungakuuzeni kanthu. Mukaitanitsa kunja muonjezerepo wonyamula ndi msonkho wa MRA musanayerekeze ndi mtengo wa mu Limbe kapena mu Lilongwe.

Pali njira yachitatu imene ine ndimaikonda kwa munthu wa mpamba wochepa. Gulani yoyambira, ndalama yotsalayo mugule lenzi ndi fulashi. Lenzi ya 18-55 yomwe imabwera ndi kamera imalowetsa kuwala kochepa, n'chifukwa chake m'tchalitchi zithunzi zimatuluka zamdima kapena zogwedera. Lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ili m'gulu la zotchipa kwambiri kwa Canon ndi Nikon omwe, imalowetsa kuwala kochuluka kangapo ndipo imafufutitsa kumbuyo, munthu n'kuoneka yekha bwinobwino. Ndi chithunzi chotere chomwe makasitomala amati chajambulidwa ndi kamera yodula. Ubwino wina ndi woti lenzi simuitaya. Mukadzakwera kuchoka pa 2000D kupita pa 80D, kapena pa D3500 kupita pa D7200, lenzi zanu zimasamuka nanu.

Misampha iwiri pamenepa. Canon 4000D ndi ma 2000D ambiri alibe kachitsulo kapakati pamwamba pomwe pamakhala fulashi, kotero mafulashi ena otchipa omwe si a Canon sayaka. Pitani ndi kamera yanu mukayese musanapereke ndalama. Kwa Nikon, D3500 ilibe injini yoyendetsa fokasi m'thupi mwake, choncho lenzi zakale zolembedwa AF-D muzipotokola ndi dzanja. Funani zolembedwa AF-S kapena AF-P. D7200 ndi D7500 injiniyo ali nayo, ndipo zakalezo zimagwira.

Popeza Canon ndi Nikon tsopano aika mtima pa makamera a mirrorless, ambiri mwa omwe tatchulawa muwapeza ogwiritsidwa kale ntchito. Izi zatsitsa mitengo yake kunja, moti D7200 kapena 80D yakale nthawi zina imayandikira mtengo wa yoyambira yatsopano. Koma yakale imafuna maso. Funsani kuti shata yaomba kangati. Nikon imalemba nambalayi m'kati mwa chithunzi chilichonse ndipo pa intaneti pali masamba oiwerenga, pomwe Canon imafuna kuilumikiza ku kompyuta. Kamera yomwe yadutsa 100,000 mtengo wake utsike ndithu. Jambulani khoma loyera kapena thambo muone ngati pali madontho akuda obwera malo amodzimodzi. Chotsani lenzi muiunike ndi tochi ya foni: mukaona tinthu tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, ndi nkhungu imeneyo, isiyeni. Yesani batani lililonse, ndipo tchaja ikhale yakeyake.

Funsaninso risiti kapena kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala ya kamerayo, yomwe imalembedwa kunsi kwake. Makamera amabedwa kwambiri pa zisangalalo, ndipo mukapezeka ndi yakuba apolisi adzatenga kamerayo, ndalama yanu osaionanso. Wogulitsa akakana kulemba dzina lake ndi nambala ya chiphaso chake pa kalatayo, bwezani ndalama m'thumba.