VAT ndi PAYE: ndalama zosungitsidwa zomwe zimagwetsa mabizinesi m'ngongole

Pali mabizinesi omwe pamaso pa anthu amaoneka kuti akuyenda bwino. Makasitomala akulowa ndi kutuluka, katundu sakhalitsa pashelefu, mwini wake wagula galimoto yachiwiri. Kenaka tsiku lina mumangomva kuti a bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority (MRA) atseka sitoloyo, kapena alamula banki kuti ipereke ndalama za muakaunti yake. Anthu amathamangira kunena kuti mwiniyo ankazemba msonkho. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma nthawi zinanso gwero la vutoli limakhala kusadziwa chinthu chimodzi: si ndalama zonse zolowa m'dilowa zomwe zili za mwini sitolo.

Misonkho yomwe wochita malonda amakumana nayo ili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la msonkho wochokera pa phindu lake, monga 30 peresenti yomwe kampani yolembetsedwa m'dziko muno imapereka pa phindu la pachaka. Umenewu ndi wakedi. Gulu lachiwiri ndi la misonkho yomwe wolipira weniweni ndi munthu wina, ndipo wabizinesi amangoitolera m'malo mwa boma. Apa pali VAT, yomwe amalipira ndi wogula. PAYE, yomwe imadulidwa pa malipiro a wantchito. Ndi withholding tax, yomwe imadulidwa pa ndalama zolipira munthu amene wakugwirirani ntchito, wakubwereketsani nyumba kapena wakuperekerani katundu. Ndalama zimenezi zimangogona m'manja mwa wabizinesi kwa masabata angapo, ndipo mpamene pali msampha.

Tiyambe ndi VAT, yomwe inalowa m'malo mwa msonkho wa surtax m'chaka cha 2005. Tiyerekeze mayi wina wa sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe, yemwe analembetsa VAT, ndipo tigwiritse ntchito mlingo wa 16.5 peresenti womwe unkagwira ntchito m'dziko muno kwa zaka zambiri. Mayiyu waoda simenti ya K600,000, ndipo pamwamba pake walipira VAT ya K99,000. Wagulitsa simentiyo pa K1,000,000, n'kulandiranso VAT ya K165,000 kuchokera kwa ogula. M'dilowa mwalowa K1,165,000. Pa K165,000 ija, lamulo limamulola kuchotsapo K99,000 yomwe iye analipira pooda, ndipo K66,000 yotsalayo ndi ya boma. Ayenera kuipereka, pamodzi ndi fomu yofotokoza malonda a mweziwo, lisanapitirire tsiku la 25 la mwezi wotsatira.

Ndalama yomwe yalowa pa 2 Malichi, mwachitsanzo, idzafunika pa 25 Epulo. Masiku opitirira 50 ndi ochuluka kwa munthu wamalonda, makamaka pamene mitengo ikukwera ndipo aliyense akufuna kuoda lero kuopa za mawa. K66,000 ija imalowa mumpamba, imasanduka malata kapena penti, ndipo tsiku la 25 likamafika muakaunti mulibe kanthu. Mwezi wotsatira ngongole zimakhala ziwiri.

Palinso nkhani ya malisiti. K99,000 ija mayiyu angaichotse pokhapokha ngati ali ndi lisiti lovomerezeka la msonkho kuchokera kwa yemwe anamugulitsa, lokhala ndi nambala ya TPIN ya wogulitsayo. N'chifukwa chake m'chaka cha 2014 a MRA anayamba kukakamiza olembetsa VAT kutulutsa malisiti pa makina a EFD. Chizolowezi chonena kuti “musandipatse lisiti, ingondichotseraniko pang'ono” chimakoma pakauntala pokha. Wolembetsa VAT akagula motero, pogulitsa amapereka K165,000 yonse popanda chochotsapo.

Chopweteka kwambiri, ndipo ambiri amachizindikira mochedwa, n'chakuti VAT sidikira kuti kasitomala alipire. Mukapereka katundu ndi kulemba invoisi, msonkhowo wabadwa kale, ngakhale cheke chitadzatuluka patatha miyezi isanu ndi umodzi. Amene amaperekera katundu kumaofesi akuluakulu pa ngongole amaidziwa bwino nkhaniyi. Choncho musanasainire oda yaikulu, funso loyamba lisakhale la phindu lokha. Dzifunseni ngati muli ndi ndalama zolipirira VAT ya odayo kuchokera m'thumba mwanu mpaka tsiku lomwe adzakulipireni.

PAYE ndi withholding tax zili ndi tsiku lawo, la 14 la mwezi wotsatira. Apa chinyengo chake n'chobisika kuposa cha VAT, chifukwa palibe ndalama yomwe imalowa m'dilowa. Bwana amangolipira wantchito ndalama zotsala atadula msonkho, ndipo gawo lodulidwalo limaoneka ngati lapulumuka. Silinapulumuke ayi, ndi malipiro a wantchito uja, omwe akuyenera kupita ku MRA m'dzina lake. Chimodzimodzinso penshoni, ngakhale iyo si msonkho ndipo sipita ku MRA: lamulo limati wantchito adulidwe 5 peresenti, bwana aonjezerepo 10 peresenti, zonse zipite ku kampani yosunga penshoni. Bwana amene amadula koma osatumiza akudya ukalamba wa antchito ake, ndipo m'kuona kwanga limeneli ndi tchimo lalikulu kuposa kuchedwetsa VAT.

Ngongole ya msonkho sikhala pamodzimodzi. Pamabwera chindapusa, pamabweranso chiwongoladzanja, ndipo lamulo limapatsa MRA mphamvu zolamula banki, kapena aliyense amene ali ndi ngongole kwa inu, kuti ndalamazo azipereke ku bungweli. Komanso wangongole sapatsidwa chiphaso chosonyeza kuti alibe mangawa a msonkho, chomwe chimafunika popikisana nawo pa matenda a boma. Amene akuona kuti amuwerengera msonkho mopyola ali ndi ufulu wodandaula, poyamba kwa mkulu wa MRA, kenaka ku bwalo la Revenue Appeals Tribunal lomwe lamulo lake linakhazikitsidwa m'chaka cha 2021. Koma madandaulo ali ndi masiku ake. Kalata ya MRA ikagonera m'kabati, ufuluwo umatha.

Njira yopewera zonsezi siifuna sukulu yapamwamba. Tsegulani akaunti yachiwiri kubanki, ndipo pakutha pa sabata iliyonse muziikamo VAT yomwe mwatolera, pamodzi ndi PAYE tsiku lomwe mwalipira antchito. Fomu ya VAT iperekedwe mwezi ndi mwezi ngakhale simunagulitse kanthu, ndipo masiku ano izi zimatheka pa intaneti kudzera pa Msonkho Online popanda kukaima pamzere ku Msonkho House.

Ngati mwalemba munthu wokuwerengerani ndalama, fufuzani ngati ali membala wa bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM. Koma dziwani kuti pamaso pa MRA wamangawa amakhala mwini TPIN, osati akauntanti wake. Mwezi uliwonse mufunseni akuonetseni zinthu ziwiri: fomu yomwe watumiza, ndi umboni wa kubanki woti ndalamazo zalowadi muakaunti ya MRA pa nambala yanu.