Mphindi Ziwiri Pamaso pa Woyesa

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero ndi ya mayeso amene sayankhidwa ndi pensulo koma ndi pakamwa.

Kuyambira m'caka ca 1966, pamene Cingerezi cinakhazikitsidwa kukhala cilankhulo cophunzitsira m'masukulu a dziko lino, ana ambiri aphunzira kuciwerenga ndi kucilemba, ndipo mayeso athu ayesa zomwezo. Koma munthu akafuna kukaphunzira kapena kukagwira nchito ku maiko monga Britain, Australia kapena Canada, kawirikawiri afunsidwa kuonetsa kuti adziwanso kucilankhula. Mayeso odziwika kwambiri a mtundu umenewu ndi a IELTS, amene anayamba m'caka ca 1989, ndipo ayendetsedwa ndi British Council, IDP ya ku Australia ndi Cambridge. Ali ndi zigawo zinai: kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo cigawo ciliconse cipimidwa pa mlingo wofika pa 9. Namwino wofuna kulembedwa nchito ku Britain, ngati asankha mayeso amenewa, afunika kufika pa 7 m'kulankhula. Akapereweza, kawirikawiri ayenera kufunanso ndalama zina kuti akayesenso.

Mwina mufunsa kuti, kodi zimenezi zikhudzana bwanji ndi mwana wa Giredi 5? Zikhudzana naye kwambiri, pakuti lilime limene munthu apita nalo ku mayeso atakula ndi lomwe lija analizoloweza ali pa benci ya ku pulayimale.

Cigawo ca kulankhula citenga mphindi 11 kufika 14. Akambirana ndi anthu awiri cabe, woyesa ndi woyesedwa, ndipo mau onse ajambulidwa pa makina. Poyamba, kwa mphindi zinai kapena zisanu, woyesa afunsa zinthu zimene munthu azidziwa bwino, monga za kwao, za nchito yake kapena za maphunziro ake. Kumapeto afunsa mafunso ozama, ofuna kuti munthu anene maganizo ake ndi cifukwa cake. Koma cimene ndifuna kuti ticiyang'anitsitse ndi ca pakati. Woyesa apereka khadi lolembedwa mutu wa nkhani, kaya kufotokoza ulendo umene munthu anayendapo, kaya munthu amene anamthandiza. Apatsidwa mphindi imodzi yoganiza ndi kulemba timau tomukumbutsa, ndipo atatero ayenera kulankhula yekha kufikira mphindi ziwiri, woyesa ali cete.

Mphindi ziwiri zioneka ngati kanthu kocepa. Tayesani lero lomwe, aphunzitsi, kuika woci pa tebulo ndi kufotokoza m'Cingerezi mmene acitira pokolola nshawa. Ambiri a ife mau atithera mphindi yoyamba isanakwane.

Cifukwa cake cili m'makalasi mwathu. Mphunzitsi anyamula buku nafunsa, "Is this a book?" Kalasi lonse liyankha pamodzi mokweza, "Yes, it is a book." Wopita panja angaganize kuti muno Cingerezi cakhwima, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wapanga ciganizo cakecake, ndipo wamanyazi wangotsegula pakamwa osatulutsa liu. Kuyankhira pamodzi kuthandiza pophunzitsa mau atsopano, sindikukuletsa ai. Koma mwana woleredwa ndi njira imeneyi yokha adziwa kutsiriza ciganizo ca mphunzitsi, sadziwa kuyamba cake.

Palinso mwambo wathu. Mwana waulemu, akafunsidwa ndi wamkulu, ayankha mwacidule ndi motsitsa mau, ndipo kunyumba tiyamikira zimenezo. Koma woyesa apima zokhazo zimene wazimva. Akafunsa kumene mukhala, inu n'kuyankha kuti "Chipata" ndi kutseka pakamwa, mwamupatsa liu limodzi loti apime. Onjezanipo kuti Chipata ili pafupi ndi malire a Malawi, kuti yazingidwa ndi mapiri, ndi cimene mukondako. Aphunzitsi, auzeni ana poyera kuti pa phunziro la kulankhula, kutalikitsa yankho si mwano.

Woyesa ayang'ana zinthu zinai zolingana mphamvu: kulankhula mosadodoma ndi molongosoka, kuculuka kwa mau amene munthu awadziwa, galamala, ndi kachulidwe ka mau. Pa kachulidwe, musataye nthawi kuyesa kumveka ngati mbadwa ya ku London. Cofunika ndi cakuti womvera amve mosavutika. Tsono pali malo ocepa pamene lilime la Cinyanja litipunthwitsa. Kwa ife "l" ndi "r" sasintha tanthauzo la liu, koma m'Cingerezi "pray" ndi kupemphera pamene "play" ndi kusewera. Ife tili ndi mavawelo asanu, Cingerezi cili nao oposa khumi. N'cifukwa cake "ship" ndi "sheep" atimvekera ngati liu limodzi, cikhalirenico lina ndi combo, lina ndi nkhosa. Mau athu atha ndi vawelo, motero mwana aika "i" kumapeto kwa "bus" osadziwa. Ndipo popeza "iye" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ngakhale ophunzira kwambiri anganene "he" pokamba za amai ao. Zimenezi zitha ndi kuyeseza pang'ono tsiku ndi tsiku, makamaka pochula mau awiriawiri ofanana kufikira khutu litayamba kuwasiyanitsa.

Ena, poopa kusowa conena, aloweza mayankho pamtima monga momwe tilowezera ndakatulo ya pa tsiku la makolo. Njira imeneyi ndi msampha. Oyesa anaphunzitsidwa kuzindikira mau oloweza, ndipo sawawerengera ngati umboni wakuti munthu adziwa kulankhula. Ndiponso funso likangosintha pang'ono, woloweza aima ngati ngolo yothyoka gudumu. Kuli bwino kulakwitsa liu, kulikonza ndi kupitirira. Ngati simunamve funso, kupempha kuti alibwereze nkololedwa.

Nanga m'kalasi la ana 60 tingatani? Phunziro likakhala la mphindi 40, ngakhale mphunzitsi atakhala cete nthawi yonse, mwana aliyense sangapeze ndi mphindi imodzi yomwe polankhula mmodzimmodzi. Koma akakhala awiriawiri, onse 60 alankhula m'mphindi zisanu. Lembani mutu pa bolodi, wa zinthu zimene ana azidziwa: ulendo wa ku cigayo, tsiku la msika, mmene aphikira nsima. Apatseni mphindi imodzi yoganiza. Woyamba alankhule, mnzake amvetsere osamudula, ndipo atatha amufunse funso limodzi loyamba ndi "why". Kenaka asinthane. Phokoso lidzakhalapo, ndipo ndi bwino kuwadziwitsiratu a hedi.

Musadabwe ana akayamba ndi cibwibwi. Mwana yemweyo madzulo asimba nthano ya Kalulu ndi Fisi kuyambira paciyambi kufikira kumapeto, osaiwala amene anayamba kunyenga mnzake. Luso lolongosola nkhani ali nalo kale. Cosowa ndi mau a Cingerezi ndi kulimba mtima. Cotero mulekeni ayambe wasimba m'Cinyanja, kenaka asimbe nkhani yomweyo m'Cingerezi. A m'makalasi apansi ayambe ndi theka la mphindi, ndipo muzionjeza pang'onopang'ono kufikira akulu atakwanitsa mphindi ziwiri.

Pamene ana ali kulankhula, inu yendani pakati pao ndi kapepala m'manja. Musamuimitse mwana pakati pa ciganizo kuti mumukonze, pakuti wodzudzulidwa pamaso pa anzake mawa sadzatsegula pakamwa. Lembani zolakwa ziwiri zimene mwazimva kawirikawiri, ndipo onse atatha muziike pa bolodi popanda kuchula dzina la mwini wake, kuti kalasi lonse lizikonze pamodzi.