Mafuta ogona m'zombo zomira

Chombo chikamira, anthu amalira maliro, boma limachita kafukufuku, nkhani n'kuzilala. Koma matanki a mafuta amatsala pansi pa madzi, ndipo dzimbiri silipuma. Pakapita zaka zambiri chitsulo chimabooka, mafuta n'kuyamba kuyandama.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a ku Iponga, kumpoto kwa Karonga, komwe amayi amatsuka mbale m'nyanja ya Malawi, ana amasambamo, asodzi akuyanika usipa pathandala. Kummwera kwa Chilumba, kufupi ndi Florence Bay, kudamira chombo cha MV Vipya pa 30 July 1946 chifukwa cha namondwe, ndipo anthu 145 adataya miyoyo. Mpaka lero chili pansi pomwepo.

Chodetsa nkhawa n'chakuti nyanja yathu sitaya msanga zomwe yameza. Potulukira madzi ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amangouluka ndi dzuwa, kusiya zonyansa m'mbuyo. Mafuta akafika kugombe amamatirira mchenga ndi bango momwe nsomba zimaswerana. Nsomba zimanunkha mafuta, osagulika. Munthu wowakhudza amayabwa khungu, fungo lake limapweteketsa mutu, ndipo mankhwala ena a m'mafutamo, monga benzene, amayambitsa khansa. Anthu a ku Mauritius adaona kuipa kwa mafuta otayika mu 2020, pomwe chombo cha Wakashio chidataya matani pafupifupi 1,000 a mafuta m'nyanja.

Njira yowachotsera ilipo, akatswiri amaitcha hot tapping. Anthu omira pansi pa madzi amayamba apala dzimbiri ndi ndere pakhoma la thanki, n'kumangirirapo valavu molimba. Kenako amaboola chitsulo kudzera m'kati mwa valavuyo, kotero kuti dzenje likatseguka mafuta sapeza pothawira koma mupaipi yopita kuchombo chodikira pamwamba. Amaboolanso dzenje lina chakunsi kuti madzi azilowa pomwe mafuta akutuluka, apo ayi thanki yodyeka kaleyo ikhoza kuphwanyika. Mafuta akuda olemera amakhala atalimba ngati phala logona, choncho amayamba awatenthetsa ndi nthunzi kuti pampu iwakoke. Ndi njira ya hot tapping imeneyi, asilikali apamadzi a ku America adapopa malita pafupifupi 7 miliyoni mu 2003 kuchombo cha USS Mississinewa, chomwe chidamira ku zilumba za Ulithi mu 1944.

Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, koma kukolopa gombe kumadya zoposa. Ine ndikuona kuti dipatimenti yoona za maulendo apamadzi iyenera kukhala ndi kaundula wa zombo zomira ndi zongosiyidwa pamadoko, ndi kumaziyendera zisanayambe kudontha.

Msodzi akaona utawaleza wa mafuta pamadzi, pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, adziwitse komiti ya pagombe ndi alangizi a zansomba. Asathirepo sopo, chifukwa sopo amangomwaza mafutawo n'kuwalowetsa m'madzi momwe muli nsomba. Madzi a pamenepo asamwedwe, ngakhale owiritsa.