Mawu a Dotolo Nawonso Ndi Mankhwala

Tiyerekeze msodzi wina wa kuno kunyanja amene amamwa mankhwala a ma ARV. Usipa wasowa padoko lakwawo, ndipo iye ndi anzake autsatira kutali. Tsiku lokatenga mankhwala lapitirira ali komweko. Patapita masabata atatu wabwerako, nakhala pamzere kuchipatala kuyambira m'mamawa. Atalowa, mawu oyamba ndi akuti: “Munali kuti nthawi yonseyi? Anthu inu mumativuta. Kakhaleni panja, tikuonani pomaliza.” Chitseko n'chotsekula, ndipo pabenchi pali anthu a m'mudzi mwake. Kodi munthu ameneyu akadzaphonyanso tsiku, adzabweranso?

Tsono tiyerekeze kuti yemweyo walandiridwa motere: “Bambo, mwachita bwino kubwera. Chidakutsekerezani n'chiyani?” Iye afotokoza za ulendo wake. Dotolo amuuza kuti ulendo wina azinyamula buku lake la kuchipatala, popeza angathe kupempha mankhwala pachipatala cha kumene wapitako. Mankhwala ndi omwewo, koma msodzi wachiwiriyu watuluka akudziwa chochita.

Boma la Malawi lidayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Mu 2011 lidalamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ka HIV ayambe mankhwala a moyo wake wonse, ndipo mu 2016 mwayiwu udafika kwa aliyense wopezeka ndi kachiromboka. Kuyambira mu 2019 ambiri adasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, piritsi limodzi patsiku. Kuyamba mankhwala kudaphweka. Ntchito yaikulu ndi yakuti munthu asawasiye chaka ndi chaka, ndipo apa ndi pamene lilime la dotolo ndi namwino lili ndi mphamvu.

Nkhaniyi si yongoganizira ayi. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2018 adafunsa anthu a ku Zambia amene adaleka kupita kuchipatala chawo cha ma ARV. Adapeza kuti anthuwo akadalolera kuyenda mtunda wowonjezera wa makilomita 45 kuti akapeze wachipatala waulemu kusiyana ndi kuonana ndi wamwano wapafupi. Munthu wokalipiridwa amabisa zoona. Akafunsidwa ngati adadumphitsa mankhwala amayankha kuti ayi, ndipo dotolo amalemba zabodza m'buku.

Zotsatira zake n'zoopsa. Munthu akasiya mankhwala, kachirombo kamachulukanso m'magazi, chitetezo cha m'thupi chimatsika, ndipo chifuwa chachikulu cha TB ndi matenda ena amapeza polowera. Kumwa modumphadumpha kungachititsenso kuti kachirombo kasamvenso mankhwala.

Kufotokoza bwino nakonso n'kofunika monga ulemu. Ambiri amatengedwa magazi oyeza kuchuluka kwa kachirombo, koma nambala imangolembedwa osawauza tanthauzo lake. Chonsecho uthengawo ndi wolimbikitsa: munthu amene amamwa mankhwala mwandondomeko mpaka kachirombo kuchepa kwambiri, osafika 200 pa mililita imodzi ya magazi, sapatsira mkazi kapena mwamuna wake pokhala malo amodzi. Bambo amene wamva zimenezi m'chilankhulo chake ali ndi chifukwa chomwera piritsi lake mawa. Ndipo kuno kwathu agogo ndi amayi ambiri amamasuka m'Chiyao. Kugwedeza mutu si umboni wakuti munthu wamva. Dotolo wanzeru amati, “Mayi, tandibwerezereni zimene tagwirizana.”

Palinso mafunso amene odwala amaopa kufunsa. Mwezi wa Ramadhan ukayandikira, ena amangosiya mankhwala mwakachetechete poganiza kuti dotolo sangamvetse za swaumu. Komatu mankhwala a kamodzi patsiku angathe kumwedwa pa daku kapena pofuturu, malinga mwakambirana ndi achipatala mwezi usadaoneke. Chimodzimodzinso mapiritsi owonjezera magazi ndi ena oziziritsa kutentha kwa pamtima: angathe kuchepetsa mphamvu ya dolutegravir ngati munthu sadalangizidwe kamwedwe kake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Tisaiwale kuti achipatala athu ndi ochepa, ndipo mzere umakhala wautali kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kutopa kwawo n'koona. Komabe moni, kutseka chitseko ndi funso limodzi lofatsa sizidya nthawi, pamene kufunafuna munthu amene adathawa kumadya masiku.

Nanga ife a m'banja tichitepo chiyani? Ngati mbale wanu adakuululirani za matenda ake, sungani chinsinsi chake. Akaphonya tsiku, musawonjezere kukalipa kwanu; muperekezeni. Musadanyamuke, kumbutsanani mafunso oti mukafunse: Magazi anga akuonetsa chiyani? Ndichite chiyani ndikakhala paulendo? Kodi ndingalandire mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi? Mukalankhulidwa mwachipongwe, kadandauleni kwa mkulu wa pachipatalapo kapena ku komiti ya chipatala.

Ndipo inu amene mudasiya mankhwala kaamba ka mawu owawa, bwererani sabata ino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Manyazi a tsiku limodzi amatha, koma ana anu akufunani kwa zaka zambiri.