Mphika umene unasintha chikumbutso cha agogo

Kwathu ku Kawale, tsiku lokumbukira agogo aakazi linkabwera ndi ngongole. Okutobala akamatha, amalume ankayamba kusonkhetsa ndalama za nkhuku, mpunga ndi zakumwa. Ena ankathimitsa foni, ena ankathamangira katapila. Pa 2 Novembala tikachoka ku Misa ndi kumanda, tinkadya nkhope zili ndwii, aliyense diso lili pa nthuli ya m'mbale ya mnzake. Dzina la agogowo silinkatchulidwa n'komwe.

Anatipulumutsa ndi azakhali, amene pautsikana wawo anaphikirapo ansembe a ku Italy ku Balaka. Iwo anatiuza kuti m'tauni ya Dogliani, m'chigawo cha Piedmont, pa tsiku lomweli lopempherera akufa anthu amaphika cisrà, msuzi wa tchana, masamba ndi chifu cha ng'ombe, n'kugawira aliyense wobwera.

"Achimwene," anatero kwa amalume, "tchana tilibe, koma nyemba ndi mphale zinasowa liti m'Malawi muno? Amayi ankakonda mtakula, osati mpunga wanuwu."

Amalume anangopukusa mutu. Ati chakudya cha nthawi ya njala.

Komabe, dzulo lake la chikumbutsocho tinaviika mphale ndi nyemba za kholophethe, chilichonse m'beseni lake. M'mamawa mphale ndiyo inayamba kulowa mumphika, pakuti imachedwa kupsa. Nyemba ndi chifu chotsuka bwino zinatsatira. Poyamba zinalidi zosaoneka bwino: madzi otuwa, njere zikungogunda mthiko kuti gobede gobede. Azakhali sanatekeseke. Anakazinga anyezi ndi tomato pambali, anadula dzungu, anakaniza mchere mpaka nyemba zitafewa. Kenako anatapa nyemba zina ndi chipande, kuzinyenya, kuzibwezera, n'kuthira mpiru ndi nsinjiro za mtedza wogula ku Mgona. Nsinjirozo si za Ataliyana ayi, ndi nzeru zathu, ndipo ndikunenetsa kuti ndi zimene zinakometsa zonse.

Abale inu! Dzungu linasungunuka, msuzi unalimba n'kufiira, mphale inatupa n'kuphulika ngati maluwa a thonje. Mphika unkangoti phwathu phwathu, fungo n'kudumpha mpanda mpaka kumsewu.

Azakhali analamula kuti geti likhale chitsegulire. Analowa anyamata a kabaza, amayi ogulitsa makala, ana a sukulu aliyense ndi kambale kake. Bambo wachisilamu woyandikana nafe atamva za chifu kuti n'cha ng'ombe yozingidwa bwino, anakhala pamkeka n'kunena kuti kwawo zotere ndiye sadaka yeniyeni. Mayi wina wokalamba, amene sitinkamudziwa, atalawa anafunsa dzina la mwini chikumbutsocho. Atamva dzina anaomba m'manja, nayamba kusimba mmene ankagulitsira limodzi zitumbuwa pamsika wa Kawale, ndi mmene agogo ankakongozera ana amasiye osawalonjerera. Ife adzukulu tinali tisanamvepo zimenezi. Tinaseka, tinalira, amayi a kwaya n'kuyambitsa nyimbo.

Nanga amalume aja? Tinawapeza kuseri kwa khitchini atakwinya manja a malaya, akukokota mphika ndi chipande.

"Mlongo wanga, kodi chatsalako?"

Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. Tsopano abale a ku Chinsapo ndi ku Area 25 amabwera okha atasenza nyemba, wina nkhuni, wina maungu, popanda wowalondalonda pafoni. Azakhali apita kale kwa owotcherera zitsulo ku Biwi kuti awakonzere mbaula yonyamula miphika iwiri.