Bokosi lotseka kapena la bowo? Werengani izi musanapite ndi subwoofer yanu kwa kalipentala

Amene amakwera minibasi za ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri akudziwa kuti besi siifanana. M'galimoto ina imagunda pachifuwa n'kusiya pomwepo, ngati ng'oma yowamba bwino. Mwina imangolira buuu, magalasi kunjenjemera, mawu a woimba osamveka n'komwe. Chonsecho sipika ikhoza kukhala yomweyomweyo, kaya Pioneer, JBL kapena Kenwood ya mainchesi 12. Chimasiyanitsa ndi bokosi, ndipo bokosi lolakwika likhoza kukupherani sipika yomwe mwaivutikira miyezi.

Tiyambe ndi lotseka, lija amati sealed. Ili lilibe potulukira mpweya. Mpweya wotsekeredwa m'katimo umagwira ntchito ngati sipuling'i: sipika ikasuntha, umaibweza pamalo pake msangamsanga. N'chifukwa chake besi yake imakhala yolimba ndiponso yodukiza bwino. Silidyanso malo, pakuti sipika zambiri za mainchesi 12 zimakwana m'bokosi la malita 28 mpaka 35. Vuto lake n'lakuti kuti liphokosere kwambiri limafuna ampu yamphamvu.

La bowo, lija amati ported, lili ndi paipi kapena mpata woyezedwa. Munauzirapo pakamwa pa botolo la Fanta lopanda kanthu n'kumva likulira? Nzeru yake ndi yomweyo. Mpweya wa m'paipi umanjenjemera pa liwu limodzi lapansi, kawirikawiri pakati pa 30 ndi 40 Hz, n'kuthandiza sipika kukankha. Pamenepo phokoso limakwera ndi ma decibel pafupifupi 3, zomwe zili ngati mwawirikiza kawiri mphamvu ya ampu yanu. Zaulere? Ayi ndithu. Bokosi limakula, malita 50 mpaka 60 pa sipika yomwe ija. Komanso nyimbo ikatsika kupitirira liwu lomwe paipi inayezedwera, mpweya umasiya kuigwira sipika, imangokupiza mwachisawawa mpaka kung'ambika. Ndiye ngati mwasankha la bowo, ampu yanu ikhale ndi subsonic filter, muiike pansi pang'ono pa liwu la paipiyo.

Tsono musankhe liti? Dzifunseni zinthu zitatu.

Choyamba, mumamvera chiyani? Ngati ndinu a amapiano, dancehall ndi hip hop, ndipo mukufuna log drum imveke kuchokera ku siteji, la bowo ndi lanu. Ngati mumakonda Black Missionaries, Lucius Banda kapena makwaya, komwe mukufuna kumva chingwe chilichonse cha gitala ya besi pachokha, tengani lotseka.

Chachiwiri, malo. Buti ya Vitz kapena Passo mukaikamo bokosi la malita 60, basi, ngakhale thumba la chimanga sililowanso. Wa Sienta yonyamula anthu aganize kawiri: malo omwe bokosi ladya ndi a katundu wa kasitomala, ndiye kuti ndi ndalama.

Chachitatu, magetsi. Pa katoni musamatengeke ndi 2000W yolembedwa zilembo zikuluzikulu ija. Yang'anani nambala ya RMS, ndiyo mphamvu yomwe sipika ingapirire nthawi yaitali, ndipo ampu ifanane nayo. Mukaona nyali zikuphethira besi ikagunda, dziwani kuti batire ndi alternator zikulemedwa. Pa ampu yaing'ono, la bowo limakupatsani phokoso lochulukirapo.

Kwa kalipentala ndiye kumene zambiri zimasokonekera. Amisiri a mu msika wa Ndirande luso ali nalo, koma sangalote miyezo ya sipika yanu. Fufuzani pa Google nambala ya model yake; opanga amalemba malita oyenera komanso kutalika ndi kukula kwa paipi. Masamu ake ndi a ku pulayimale: yezani m'kati mwa bokosi m'masentimita, muchulukitse mulitali, mulifupi ndi msinkhu, kenako mugawe ndi 1000. Mwachitsanzo, 40 x 35 x 25 ndi malita 35. Thabwa likhale MDF ya mamilimita 18, lomata ndi guluu ndi masikuluwu, m'makona mopaka silikoni. Kungoboola dzenje pa bokosi lotseka sikulisandutsa ported, aise. Paipi ikatalika liwu limatsika, ikafupika limakwera, ikachepa kwambiri imaimba mluzu. MDF imafufuma ikanyowa, choncho buti yodontha ikonzedwe dzinja lisanafike, ndipo bokosi limangiriridwe, poti mabampu a misewu ya m'makwalala mwathu saseka ndi munthu.

Musaiwalenso makutu. Phokoso loposa ma decibel 85 kwa maola 8 patsiku limawononga kumva pang'onopang'ono, ndipo sikubwerera. Dalaivala ndi kondakitala amene amakhala nalo kuyambira m'mamawa ndiwo ali patsogolo.

Ngati miyezo ya paipi simunaipeze, pangitsani lotseka. Mukaphonya malita pang'ono limaimbabe bwino, pomwe la bowo mukaliphonya mudzabwereranso ku Limbe kukagula sipika ina.