Osaka mayina m'mafaelo akale

Banja la ku Lukusuzi, kwa Chikomeni kapena kwa Mwase, kufupi ndi Lundazi ku Zambia, likamanena kuti agogo awo anagwira ntchito pa sitima yapamadzi nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ena amangoseka, poti kuno kulibe nyanja. Komatu nkhondoyo inafika pa nyanja ya Malawi. Mu August 1914 sitima ya boma la Nyasaland, Guendolen, inawombera ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Sitimazo zinkayendera nkhuni, ndipo odula nkhuni, osonkhezera moto ndi okweza katundu anali anthu akuda. Kwa mnyamata wosaka ndalama ya msonkho, kuchoka ku Lundazi kukafika kunyanja sikunali kutali. Otsimikiza nkhani zotere ndi osunga zolembedwa zakale, ndipo ine ndikuona kuti timawasenzetsa katundu amene pepala palokha silingathe kunyamula.

Ntchito yawo ndi yafumbi. Ku National Archives of Zambia ku Lusaka, kapena ku National Archives of Malawi ku Zomba, amatsitsa bokosi, kumasula chingwe, kuchotsa mapini adzimbiri, n'kutembenuza mosamala pepala lofewa lomwe inki yake inazilala. Choyamba kufunsa ndi nambala ya msilikali, osati dzina, chifukwa kalaliki wa atsamunda ankalemba kuti alipire ndi kukhometsa msonkho, osati kuti zidzukulu zidzapeze gogo wawo. Dzina ankalilemba momwe walimvera, ndipo munthu mwini nthawi zina ankapereka dzina lapantchito lomwe kumudzi silidziwika. Mendulo ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918 imathandiza, poti nambala ndi dzina zinadindidwa m'mphepete mwake. Zambiri za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zinaperekedwa zopanda dzina. Kwa wofufuza za Guendolen pali vuto linanso: moto unatentha likulu la boma ku Zomba mu 1919, n'kupsereza mafaelo ambiri a zaka za nkhondo zomwezo.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, kufufuzaku n'kutaya nthawi, ndipo zonena za akuluakulu sizodalirika, chifukwa amene anali mtengatenga amasanduka kopolo nkhani ikafika kwa adzukulu. Kukokomezako kulipodi. Koma pepala nalo lili ndi bodza lake, lomwe ndi kusiya anthu. Chipilala cha ku Mbala chimakumbukira amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia mwa chiwerengero chabe, ndipo mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ambiri a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Anaulula zimenezi ndi anthu owerenga mafaelo omwewo. Melvin Page, polemba buku la The Chiwaya War, anayenda m'midzi ya Malawi kucheza ndi nkhalamba zomwe zinaiona nkhondoyo, ndipo zambiri zimene anamva m'mafaelo munalibe.

N'chifukwa chake ndimawerengera m'ntchitoyi nduna za mfumu, anyakwawa ndi aphunzitsi opuma amene amadziwa kuti uje anali mwana wa yani, anachoka chaka cha dzombe kapena cha njala, ndipo anabwerera ndi dzina liti. Faelo imakonza chaka ndi gulu limene munthu anali. Mudzi umatchula munthuyo. Wosunga mafaelo wa ku Lusaka amalandirako malipiro, wodziwa mbiri wa kwa Chikomeni salandira kanthu, ndipo awiriwa kawirikawiri sakumana n'komwe.